Bingu Limene Tinanamizira Azakhali

Ena ndikawauza nkhaniyi amati ndikukometsera, koma ine ndine munthu wa zidzukulu, ndipo palibe amene amapeka nkhani yodzichititsa yekha manyazi ngati iyi. Zinachitikadi, amene ankakhala cha ku Lirangwe nthawi imeneyo akhoza kundichitira umboni.

Kunali dzuwa loswa mtengo, kumwamba kuli mbee, ine ndi achimwene anga aakulu tili pangolo kupititsa chimanga kumsika. Iwo ndi amene anagwira zingwe za ng'ombe, ine ndili khale pamatumba. Mwadzidzidzi kunagunda kawiri motsatizana, kugunda kumene sindinakumvepo ngakhale m'dzinja, moti ndinakumva m'chifuwa muno osati m'makutu mokha. Malata a nyumba za m'mbali mwa msewu analira, amayi ena anaponya ndowa n'kugona chafufumimba, ndipo ng'ombe zathu zinadzidzimuka n'kuliyatsa liwiro kulowera kukhwawa. Ine ndinagwera paudzu, koma achimwene zingwe zinawakola m'dzanja, anagwera kutsogolo, tayala n'kuwaponda m'chiuno matumba onse ali momwemo. Kuchokera tsiku limenelo sanaimenso ndi miyendo yawo.

Nanga kwathu kuno bingu la popanda mtambo anthu amalimasulira bwanji? Sabata isanathe mudzi wonse unali utagwirizana kuti chinali chiphaliwali chotumiza, ndipo zala zonse zinaloza azakhali athu, mlongo wawo wa malemu bambo, chifukwa chaka chomwecho anakanganapo ndi achimwene za malire a dimba. Panali abambo ena achikulire amene anagwirapo ntchito yosesa ku bwalo la ndege ku Chileka, iwo anayesetsa kutiuza kuti imeneyo inali ndege ya nkhondo yodutsa patali kwambiri m'mwamba, ati zimagunda choncho zikathamanga kuposa phokoso lawo lomwe. Tinawaseka. Ife amene takula tikuona ndege zikutera ku Chileka, zimene umazimva zikubwera mpaka ana kuthamangira panja, angatiuze za ndege yosaoneka?

Amene anatsogolera anthu kunyumba kwa azakhali ndine, sindibisa. Ndinakwera ndekha padenga n'kusasula udzu, iwo ataima pabwalo ndi mtondo wawo, osalira n'komwe. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wa achimwene anga, msana uwu unakuberekapo iwe ukudwala chikuku. Tsika bwinobwino ungagwe." Anapita kwa mwana wawo ku Mdeka, ndipo atamwalira patatha zaka zinayi, pamaliro pawo sindinapondepo phazi.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi, amene amaphunzitsa mumzinda wa Blantyre, anabwera kudzationa, ndipo tili pakhonde anatsegula kanema wa ndege pafoni yake. Ndinangomva kugunda kuja, kawiri motsatizana, ndendende, kapu ya tiyi n'kundipulumuka. Anandifotokozera zomwe zija ananena abambo osesa aja, n'kuwonjezera kuti kumayiko a azungu anthu anadandaula kalekale kuti magalasi a mawindo awo akusweka, ndiye ndege zoterozo anaziletsa kuthamanga choncho pamwamba pa midzi yawo, ndipo panopa akupanga ndege ina yamphuno yaitali imene akuti izingomveka ngati munthu watseka chitseko cha galimoto patali. Iye ankasangalala nazo, ati nzeru. Ine ndinadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba.

Mawindo! Anzathu anadandaula mawindo ndipo anamvedwa, pamene ife achimwene anakwawa zaka khumi ndi chimodzi mpaka kulowa m'manda, popanda ndi mmodzi yemwe wobwera kudzatiuza kuti ndegeyo inali ya ndani, inkapita kuti. Woyendetsayo mwina anakafika kwawo n'kusamba, osadziwa kuti pansi pake panali anthu.

Panopa ndimakhulupirira kuti ndege ija inathyola achimwene okha, koma azakhali tinawapha ndife, ndipo ine ndiye ndinayamba. Ndege zopanda phokosozo azipange, mwina zidzapulumutsa ena, ngakhale ndikukayika ngati popanga amaganizako za ng'ombe za ku Lirangwe. Koma inu anzanga, chinthu chikakuopsani ndipo simukuchimvetsa, musathamangire kusakasaka nkhalamba yoti muisenzetse. Dikirani, funsani. Ine yankho linandipeza mochedwa, munthu woti ndikamugwadire ali kale pansi pa dothi.