Batani Lofiira la Kochekera Matabwa

Fungo la utuchi wa paini likangondipeza, ndimasowa pokhala. Limandibwezera kochekera matabwa kumene ankagwira ntchito bambo anga. Tsiku lina nditawapititsira mbatata yootcha, anandionetsa mabatani awiri pakhoma.

"Lobiriwirali limadzutsa makina. Lofiirali limaimitsa zonse, mwanawe."

Ine ndinamva kuti zonse ndi zonse. Ndiye tsiku limene anavulala, nditawaona akupita nawo kuchipatala panjinga, dzanja atalikulunga nsanza yonyowa magazi, ndinathamanga chitunda chonse chopita kochekerako osapuma. Ndinalidina batani lofiiralo mpaka chala kuwawa, mlonda akundikoka diresi.

"Ndisiyeni, ndikuletsa magazi a ababa!"

Zala zawo ziwiri zimene makina anadula sizinabwerere. Mpaka lero ndikalowa m'chigayo sindikhazikika, maso amangoyeza ngati dzanja la woyendetsa makina lingafike pa batani lofiira.