Madzi Amene Ndinamumwetsa

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinasewera kumbuyo, nambala faifi, m'timu ya kampani ina ku Blantyre. M'kaundula wa kampaniyo ndinali kalaliki, koma cholembera sindinkachigwira n'komwe. Ntchito yanga inali kuonetsetsa kuti wogoletsa wa timu ina abwerere kwawo akutsimphina. Anthu ankandiopa, ndipo kuopedwako kunkandikomera. Bondo litanditha, kampani inaiwala msanga kuti inali ndi kalaliki wotero. Ndinakwera sitima kubwerera ku Salima, ndipo m'malo mokalima chimanga ku Chitala monga ankafunira bambo anga, ndinakakhala kunyanja kwa Maganga n'kuyamba kuphunzitsa mpira anyamata a sukulu.

Anali ana a asodzi, ena a kutchalitchi, ena a kumzikiti, onse osavala nsapato, miyendo yolimba chifukwa chokoka makoka pamchenga. Mmodzi mwa iwo, wazaka ngati khumi ndi zisanu, mwana wa bambo wina wosoka maukonde, ndinamuika pamalo anga enieni. Sankalankhulalankhula. Ankadziwa kumene mpira ugwere usanamenyedwe, chinthu chimene ine ndinachiphunzira ndili ndi ndevu kale. Ndinkauza aliyense kuti mwanayu ndamuumba ndine, ngakhale mumtima ndinkadziwa kuti ndinangomupeza.

Chaka chimenecho tinafika pa fainolo ya chikho cha anyamata a m'boma lonse. Tsikulo linagwera mkati mwa Ramazani, mwezi umene Asilamu amasala kudya, mu Okutobala, dzuwa la ku Salima likuswa mtengo. Asilamu ena a m'timu anali aang'ono, makolo awo sankawakakamiza kufunga. Koma kwa mnyamata wanga uja, amenenso anali Msilamu, chinali chaka choyamba kufunga mwezi wathunthu ngati munthu wamkulu, osadya, osamwa ngakhale dontho kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa. Anali atakwanitsa masiku makumi awiri ndi anayi osadumpha, ndipo ankawawerenga monyadira. Anandiuziratu kuti kusewera adzasewera, koma kumwa sadzamwa. Ndinangomuyankha kuti tidzaona pomwepo.

Bwalo la kuboma linadzaza. Pachipata ankafunsa khadi la chipani, ndipo wapampando wa chipanicho anakhala pamthunzi, chikho chili patebulo patsogolo pake. Kunamvekanso mphekesera yoti kwabwera munthu wa ku Lilongwe wofuna makochi a matimu akuluakulu. Ndinene zoona, tsiku limenelo m'mutu mwanga munalibe mwana wa munthu aliyense, munali ine ndekha.

Chigawo choyamba tinatsogola ndi chigoli chimodzi, koma chakumapeto ndinaona mnyamata uja akuchedwa kutembenuka, milomo itauma gwa. Popumula anzake anathamangira kundowa ya madzi. Iye anakakhala pambali n'kufunda jezi kumutu. Ndinatunga madzi m'kapu n'kumupititsira. Anapukusa mutu. Ndinamuuza kuti Mulungu si wankhanza, kuti tsiku limodzi si kanthu, kuti anzake khumi akudalira iye. Anapukusabe mutu. Basi ukali wanga wakale uja unakwera, ndipo ndinalankhula mokweza kuti onse amve.

"Ngati sukumwa, vula jeziyo upatse mnzako. Usadzapondenso pabwalo langa."

Ndikanatha kumutulutsa mwaulemu kuti akapume, wolowa m'malo mwake analipo. Sindinafune. Ndinkafuna iyeyo, ndipo ndinkamufuna atamwa.

Anayang'ana kuseri kwa chingwe chotchinga bwalo kumene kunaima bambo ake atagwira njinga. Anali atapalasa kuchokera kunyanja padzuwa lomwelo, nawonso akufunga. Kenako analandira kapu ija ndi manja awiri, monga alandirira chinthu kwa wamkulu mwana woleredwa bwino, n'kumwa onse. Akanandilanda mwamwano mwina bwenzi nditaiwala. Manja awiriwo ndiwo amandichititsa manyazi mpaka lero.

Tinapambana. Anasewera bwino kuposa masiku onse, nkhope ili gwa. Ine anandinyamula m'mwamba, wapampando anandigwira chanza, ndipo munthu wa ku Lilongwe uja sindinamuone, mwinanso kunalibe munthu wotero. Pobwerera pa lole anyamata ankaimba, iye atakhala chakumbuyo akuyang'ana fumbi. Ndinadziuza kuti ndi mwana, pofika mawa aiwala.

M'mawa mwake ndili pakhonde ndi ketulo ya tiyi, bambo ake anatulukira. Ndinakonzekera mkangano. Mayankho ndinali nawo kale, za thanzi la mwana, za kutentha kwa dzuwa, za chikho chimene mudzi wonse unali kunyadira. Koma iwo anapereka moni mwaulemu, anafunsa mmene tadzukira, n'kukhala pampando umene ndinawalozera. Kenako anatulutsa m'thumba jezi yochapa, yosita, yopindidwa bwino, n'kuiika pamaondo anga. Anati mnyamata wawatuma adzathokoze pa zonse zimene ndinamuphunzitsa, koma mpira wamukwana. Anandiuza kuti dzulo lake pa futari, chakudya chomasulira, anakana kukhala pamphasa ya akuluakulu, amvekere malowo si ake. A shehe anamulimbitsa mtima kuti tsikulo adzalibweza chikondwerero cha Idi chikapita, ndipo iwo monga bambo adzafunga naye kuti asakhale yekha. Zonsezi anazinena ngati akundiuza za mphepo ya panyanja, osandidzudzula ndi liwu ngakhale limodzi.

Mayankho anga aja anathawa onse. Manyazi anandigwira mpaka ndinasowa poyang'ana, ndipo ndinachita zimene munthu amachita mlendo akafika pakhomo. Ndinathira tiyi m'kapu n'kuwapatsira.

Anayang'ana kapuyo, kenako anayang'ana ine.

"Zikomo, aphunzitsi," anatero mofatsa. "Ife tidakafunga. Kwatsala masiku asanu."