Kalavani ya alamu anga kunja kwa Coventry

Alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa amuna anga, anali nesi pa chipatala chachikulu cha ku Coventry. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 anagula nyumba yobwera pa lole. Inafika m'zigawo ziwiri, amisiri n'kuzilumikiza pa konkire, pamalo ena kunja kwa tauni pomwe panali nyumba zoterezi zokhazokha. Ine ndinkaitcha kalavani, ngati kangolo kogonamo kokokedwa ndi galimoto, ndipo mawuwo ndinkawatchula mokweza kuti aliyense amve.

Ife tinkakhala ku Kings Heath mumzinda wa Birmingham, m'fulati ya lendi pamwamba pa shopu ya tchipisi. Makatani, mayunifolomu a ana, ngakhale jekete yanga ya ku ofesi, zonse zinkanunkha mafuta okazingira. Ndinali ndi madigiri awiri, koma zovala ndinkayanika pa hita. Alamu anali ndi chingwe panja, khonde, ndi kadimba ka maungu ndi mpiru. Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, anthu amene kale ankabwera kwathu anayamba kupanikizana m'magalimoto kupita kwa iwo kukathyola nkhwani. Ana anga omwe ankangofunsa, m'Chingerezi chawocho, kuti kwa azakhali tipitanso liti.

"Alamu, takhalani apa mupitidwe mphepo, ntchito ya mu ofesi imatopetsa," ankatero uku akundikokera mpando pakhonde. Sankandinyoza ayi, koma ine zinkandibaya.

Kenako kunabuka nkhani. Mwini malowo, amene ankawalipiritsa lendi ya pansi pomwe nyumba zakhala, anali atawonjezera mzere wina wa nyumba kumapeto, moyandikana ndi munda wa mlimi, ndipo ya alamu inali mumzere umenewo. A khonsolo anati chilolezo ndi layisensi zimene anamupatsa sizinkafika kumeneko, choncho mzere wonse uchoke. Mwini maloyo anati khonsolo si mapeto, n'kukachita apilo ku boma lalikulu la ku London.

"Nanga munthu n'kugula bwanji nyumba popanda nthaka yake?" ndinafunsa amuna anga. Iwo anangopitiriza kupolisha nsapato.

Boma linatumiza insipekitala wake kudzamva mlanduwo mu holo ina ya pafupi ndi malowo, ndipo alamu anandipempha kuti ndiwaperekeze. Bambo wa ku khonsolo anati dera amalidziwa ndi iwo, layisensi amapereka ndi iwo, munthu wochokera kutali sangawauze pomwe nyumba iyenera kukhala. Loya wa mwini malo anati khonsolo imagwira ntchito ndi malamulo opangidwa ndi boma, singawapose. Anakokanakokana mpaka masana.

Ine maso anga anali kwina. Holo inadzaza ndi nkhalamba zachizungu zokhala pamalopo, ngakhale zimene nyumba zawo sizinali mumzerewo. Mayi wina anagwira dzanja la alamu osalitaya, wina ankawathirira tiyi wa mu fulasiki. Kenako mdala wina, amene kale ankagwira ntchito ku fakitale ya magalimoto, anaimirira ndi ndodo yake. Anati mkazi wake ali ndi bala pamwendo, ndipo nesiyu amabwera kudzalitsuka akaweruka, asanavule n'komwe yunifolomu. "Mukamuchotsa iyeyu, mutinyamule tonse," anatero. Anthu anawomba m'manja mpaka insipekitala anachita kuwaletsa.

Ndinadzifunsa kuti ife atatitulutsa m'fulati muja angaimirire ndani. Watchipisi uja tinakhala naye zaka, koma dzina langa sankalidziwa. Munthu nyumba yake inali pachiswe, koma ine ndinkamusirira pa mlandu wake womwewo. 

Patapita miyezi yankho linabwera: boma linalola kuti mzerewo ukhale. Koma a khonsolo sanagonje. Anati chabwino, nthaka mwapambana, koma layisensi ikadali yathu. Anabwera ndi tepi yoyezera n'kupeza kuti nyumba za mumzerewo zinathithikana, moto utabuka ungadumphe kuchoka pa ina kupita pa ina. Ya alamu inayenera kusunthidwa pang'ono, ndipo pa masiku a ntchitoyo munalibe madzi kapena magetsi.

Apa mtima wanga unakhala pansi. Ndinati tsopano abwera kwanga, adzagona m'nyumba yanjerwa. Ndinasamutsa ana m'chipinda chawo, ndinakolopa, ndinapita kumsewu waukulu wa Kings Heath kukagula mashiti atsopano amaluwa. Ndinatsegula mawindo tsiku lonse kuti fungo la mafuta lichepe.

Madzulo ake foni inalira. Anali alamu, atamva kwa amuna anga kuti tikuwayembekezera.

"Alamu, musavutike," anatero, akuseka. "Kuno anthu akundilimbirana. Mdala uja wati ndikapita ku Birmingham sadzandilankhulanso. Ndigona kwa iwowo, ndiye kuntchitonso ndi pafupi."

"Chabwino alamu, chipinda ndinali nditakonza kale," ndinatero.

"Ayi zikomo, ana asavutike chifukwa cha ine."

Nditaika foni pansi, amuna anga anafunsa ngati ana abwerere m'chipinda chawo. Ndinati abwerere. Mashiti aja ndinakawabweza kusitolo m'mawa mwake, akadali m'pepala lake.