Mangenjeza a Bambo

Chinali chaka cha 1994, ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. M'dengu la mayi munali mangenjeza a malemu bambo, aja ankamanga m'miyendo povina tchopa. Pothawa nkhondo ku Mozambiki mayi anawakulunga m'sanza kuti asalire m'tchire. Tinafikira kwa malume ku Mkhumba, koma sanzazo sanamasule.

Sukulu yaulere itayamba, malume anandilembetsa ngati mwana wawo. Lamulo la mayi linali limodzi: "Chilomwe uzichisiya pakhomo. Akadziwa kuti ndiwe wothawa, akuchotsa."

M'chilimwe aphunzitsi athu, munthu wa ku Dowa, anakonza tsiku la chikhalidwe. Ena avine zamakono, kwasakwasa wa pa kaseti, ena zamakolo. Ine anandiika ku tchopa. Anzanga ankaimba Chilomwe chopotoka, mawu osawadziwa tanthauzo. Ndinapirira masabata awiri. Zopotoka sindipirira, ngakhale lero.

Tsikulo ndinaba mangenjeza aja. Sanza zake zinkanunkha utsi wa kwathu. Fumbi linali lofiira, dzuwa likuswa mtengo, kaseti ikukokakoka chifukwa mabatire anali atatha. Ng'oma zitayamba ndinaponda pansi, mangenjeza nkulira. Ndinaimba monga ankaimbira bambo, liwu lililonse m'malo mwake. Amayi okalamba anadzuka ndi nthungululu. Wina anakuwa kuti, "Uyu si wa kuno uyu! Wayamwa kutsidya!"

Palibe anandichotsa sukulu. Aphunzitsi anandipatsa makope awiri, nati, "Zoliralirazi zikhale za sukulu, mwamva?" Ndinapereka ndi manja awiri. Kunali kupusa, koma mwana sakaniza mphunzitsi.

Mayi anali ataima kuseri kwa gulu, pansi pa mtengo wa mango. Sanaombe m'manja. Sanandimenyenso. Panjira anangoti, "Wawadzutsa bambo ako."

Mvula isanagwe, malole obweza othawa kwawo anafika. Mayi, amene chaka chonse ankakana kulembetsa zobwerera, anakwera. Anati akukalambula manda a bambo, adzanditenga ndikamaliza Sitandade 8. Ndinamaliza. Sanabwere. Uthenga wa maliro awo unatipeza patapita miyezi.

Ine ndinkayesa kuti sanza zija zinali zobisira asilikali basi. Sindinkadziwa kuti mayi ankadzitseka nazo makutu kuti asamve kuitana kwa bambo, akhale ndi ine.

Ndinapata makope awiri. Ndinataya zitatu: mangenjeza, amene sukulu inasokoneza chaka chisanathe, Chilomwe, chimene ana anga amachiseka ndikachiyesa, ndi mayi.