Sizasi pa Chithunzi cha Malemu Yusufu

Ndikulemba ndili wokwiya, ndipo sindibisa. Akazi anga akuti ndiyambe ndamwa madzi kuti mtima utsike. Ndamwa, sunatsike.

Loweruka lapitali ku Liwonde kunali chionetsero cha anthu aluso a m'boma lathu lino la Machinga. Ojambula ndi kamera, ojambula ndi penti, osema ziboliboli, onse anasonkhana m'holo ina m'mbali mwa msewu wa ku Zomba. Komiti yawo inapempha a kamera kuti abweretsenso zithunzi zakale, anthu aone kumene tachokera. Ganizolo linali labwino, ndipo ine ndinanyamuka m'mawa ndili wosangalala kuti ndikaone.

Pakhonde pa holo ndinapeza Che Wadi atakhala pansi, envelopu ili m'manja. Amene munadutsapo pa Ulongwe mukuwadziwa: mkulu uja wojambula kuseri kwa masitolo, amene amakuimika kutsogolo kwa nsalu yojambulidwa ndege. Ndinawapatsa moni. Anangonditambasulira envelopu ija.

Nkhani yake ili motere. Manegetivu akale a Che Wadi anaonongeka onse chaka chimene denga lawo linadontha. Choncho atamva pempho la komiti, anakwera njinga n'kuyenda khomo ndi khomo kubwereka zithunzi kwa anthu amene anawajambula kale. Anafika kwa Abiti Mussa, mayi wamasiye wogulitsa nandolo pamsika wa Ulongwe. Mayiwa anali ndi chithunzi cha amuna awo, Yusufu, chimene anajambulitsa atangobwera kumigodi ya ku Joni. Pasanapite nthawi bwato lawo linagubuduzika mu Shire, Yusufu n'kumira, mkazi ali ndi pakati. Mtsikana amene anabadwa pambuyo pake bambo ake amawadziwira papepala lomwelo basi.

Abiti Mussa anakana. "Iyayi, Che Wadi, chimenechi sichituluka m'nyumba muno."

Che Wadi anachonderera, nati m'ntchito yawo yonse sanajambulepo china choposa chimenecho. "Ndidzakubwezerani ndi manja anga awa, amayi. Ngakhale fumbi silichikhudza."

Anawapatsa.

Lachisanu masana, anthu akukhoma zithunzi pakhoma, Che Wadi anapita kumzikiti kukaswali. Mpamene wapampando wa komiti, bambo wina wa ku Balaka wolemba zikwangwani za masitolo, anachiona chithunzicho. Yusufu anaima monyadira, dzanja m'chiuno, atavala thalauzi lija lotambalala kumapazi, tsitsi lake lalikulu atalipesera m'mwamba monga ankachitira anyamata obwera ku Joni. Wapampando anakumbukira kuti lamulo sililola mavalidwe otere, nakumbukiranso kuti mawa lake kudzabwera mlendo wamkulu wochokera ku Boma kudzatsegula chionetsero. Anaitanitsa sizasi.

Anayamba kudula miyendo. Kenako anazungulira mutu kuti achotse tsitsi. Dzanja linaterereka, sizasi inapita ndi mphumi ndi khutu limodzi. Ataona kuti chimene chatsala n'chosakhomeka pakhoma, anachiponya mu envelopu n'kulembapo dzina la Che Wadi.

Pakhonde paja ndinachitulutsa mu envelopu n'kuchiona ndi maso angawa. Kachidutswa kochepa kuposa chikhatho: maso, mphuno, kolala ya malaya.

Ndinalowa m'holo kukawafuna wapampandoyo. Ndinawapeza akupukuta galasi la chithunzi chawo cha penti cha phiri ndi mpango wa m'thumba, mosamala ngati akupukuta khanda.

"Bambo," anatero nditawafunsa, "inu mumangolemba m'nyuzipepala, ife tili ndi ana. Mumafuna atitsekere chionetsero? Ndikagone kupolisi ine chifukwa cha thalauzi la munthu wina?"

Ndinati chabwino, mantha tonse tili nawo. Nanga bwanji osangochichotsa, kuchisunga m'thumba mpaka mwini wake abwere kumzikiti?

Yankho lawo limvereni bwino. "Aaa, timafuna chionekebe. Chinali chokongola kwambiri."

Chinali chokongola, ndiye anachidula!

Ine sindikulimbana ndi lamulo la mavalidwe, ndipo wina asandiikire mawu m'kamwa. Koma lamulolo likunena za munthu wamoyo woyenda mumsewu. Yusufu ali m'manda. Ndani akanam'gwira? Akanam'meta ndani? Palibe wapolisi amene anafika m'holo muja, palibe kalata imene inabwera, palibe amene analamula kanthu. Wapampando anadziopseza yekha, nadziweruza yekha, chilango n'kugwera mayi wogulitsa nandolo amene sanalipo n'komwe.

Mlendo wamkulu uja anabweradi. Anadula kansalu pakhomo, ndipo ndikukhulupirira kuti sizasi inali yomwe ija, poti m'holomo inalimo imodzi. Analankhula, anamwa zoziziritsa kukhosi, anapatsidwa mvuu yosema, nakwera galimoto. Kukhoma la zithunzi zakale sanafikeko.

Khalidwe limeneli lafala pakati pathu, ndipo likundinyansa. Tikangomva kuti kukubwera wamkulu, nzeru zimathawa. Timaononga tisanafunse. Tinaonapo mtengo wa mango umene ana amadya ukugwetsedwa kuti galimoto ya alendo ikhote bwino. Tinaonapo amayi ogulitsa nsomba akuthamangitsidwa pamalo pawo m'mamawa kuti fungo lisafike m'mphuno za anthu amene sadzatsika n'komwe m'galimoto. Ndipo muonetsetse: zimene timaonongazo sizikhala zathu. Nthawi zonse zimakhala za munthu amene tikudziwa kuti sangatitengere kulikonse.

Chikanakhala chithunzi cha ukwati wa bwana wa ofesi ina ku Boma, wapampando akanachiyandikira ndi sizasi? Ngakhale mkwati akanavala thumba la feteleza, chikanakulungidwa bwinobwino n'kubwezedwa ndi mawu opepesa.

Chimene chikundiwawa koposa n'chakuti wachita izi ndi munthu wodzitcha waluso. Akanakhala mlonda wa holo ndikanati sadziwa. Koma uyu amagwira bulashi tsiku ndi tsiku, ndipo amadziwa kuti cholakwika cha penti umachifufuta n'kupakanso, pamene chithunzi chopanda negetivu chikapita chapita. Ziboliboli zinabwera m'holo muja zitakulungidwa m'manyuzipepala chimodzichimodzi, poti azungu opita kukaona nyama amazigula. Nkhope za anthu athu zinabwera zitaunjikidwa m'katoni ya sopo.

Anzathu a m'tauni muli ndi mabuku odzaza zithunzi, china chikatayika simudziwa n'komwe. Kumudzi kuno munthu amajambulitsa kamodzi moyo wake wonse, mwina kawiri. Chithunzicho chimagona pansi pa sutikesi, pakati pa zovala za pa Idi kapena za pa Khirisimasi, ndipo chimatuluka pokhapokha kwabwera mlendo wolemekezeka. Ana amasamba m'manja asanachigwire. Munthu wotere akakubwereka chithunzi chake, wakukhulupirira kwambiri.

Inu a komiti mukuti chaka chamawa mudzachititsanso chionetsero ku Balaka. Mudzabwereka kwa yani? Nkhaniyi yafika kale pamsika wa Ulongwe, ndipo Che Wadi, amene sanalakwe kanthu, ndiwo amene anthu akuwaloza zala.

Lamulungu ndinawaperekeza kwa Abiti Mussa, chifukwa anati okha sangathe. Tinawapeza pakhonde akusankha nandolo. Anatiyalira mphasa, tinalonjerana, ndipo Che Wadi anayamba kufotokoza. Mayiwo anamvetsera osadula mawu. Kenako anapukuta manja pachitenje, nalandira envelopu ndi manja awiri, natulutsa kachidutswa kaja.

Ndinkayembekeza kulira kapena kutukwana, ndipo moona ndikanakonda atatitukwana. Iwo anangokayang'ana nthawi yaitali, nakatembenuza kumbuyo, nasuzumiranso mu envelopu.

"Palibe kanthu, Che Wadi," anatero. "Mungondipatsa zidutswa zinazo. Ndimata ndekha ndi phala mwana asanabwere kumadirasa."

Che Wadi anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana pansi. Tonse awiri tinkadziwa kuti wosesa m'holo anazitaya kudzala Lachisanu lomwelo n'kuyatsa moto. Tinatsazika titangoti tikafunsa.

Mayi aja akudikirabe. A wapampando, basi ya ku Balaka imaima pa Ulongwe. Mutsika liti kuti mukawauze nokha?