Ukonde umene adawalanda achimwene

Achimwene anga adayamba kumva mawu m'chaka chimene magalimoto a zipani ankazungulira ku Lifuwu ndi zimkuzamawu. Magalimoto ankapita, koma mawu ankatsalira m'mutu mwawo. Ankati anthu osaoneka akuwanena, ena akuwalamula kuti alowe m'nyanja.

Kuchipatala adabwerako ndi mapiritsi komanso kachizolowezi kamene namwino wina adawaphunzitsa. Mawu akayamba, ankakhala pansi pa mtengo wa mango, ukonde wong'ambika uli pamiyendo, n'kumasoka diso limodzilimodzi la ukondewo. Ankapuma pang'onopang'ono, maganizo onse ali pa ulusi wodutsa m'zala zawo.

Ine pakamwa panga sipakhala chete, ndiye ndidawafunsa ngati mawuwo amaopa ukonde.

"Saopa ayi, achemwali," adatero akuseka. "Amalankhulabe. Ndimangowamva ngati mvula padenga, osawayankha. Ndimabwerera pa mfundo imene ndikumanga."

Zinthu zidayenda bwino ndithu. Ankadya, ankagona tulo, asodzi n'kumawabweretsera maukonde.

Kenako azakhali adafika kuchokera ku Chipoka kudzazonda matenda. Adali mayi wachikondi, koma chikondi chawo chidalibe makutu. Atawapeza achimwene akusoka, adagwira pakamwa n'kutembenukira kwa amayi.

"Alamu, munthu wodwala mpaka kumugwiritsa ntchito? Anthu atiyesa otani?"

Kwathu wodwala amagona pamphasa, amaphikiridwa phala, anthu n'kumabwera kudzamuona. Amayi adachita manyazi. Ukonde udabwezedwa kwa mwini wake, achimwene adalowetsedwa m'chipinda kuti akapumule. Adayesa kufotokoza, ine ndidawathandiza, koma munthu amene anthu amati wazungulira mutu, ngakhale anene zoona, amangomuyankha kuti, "Pepani, gonani."

M'chipindamo mudalibe chogwira, choncho mawu aja adapeza malo. Amayi a mumpingo akamaimba pakhonde, achimwene ankamva ngati akuimbiridwa nyimbo za maliro. Posakhalitsa asodzi adawavuula m'nyanja, madzi atafika m'khosi. Achimwene adakhalitsa ku chipatala chakutali, ndipo pobwerako manja awo ankanjenjemera moti sankathanso kumanga mfundo.

Zimandiwawa mpaka lero, makamaka chifukwa palibe amene ankawada. Azakhali adamwalira akunenabe kuti tikadapanda kuwagoneka, bwenzi zitafika poipa.

Achimwene adabwerera pansi pa mtengo uja. Ndinkawapeza akupuma pang'onopang'ono, zala zikusoka pamiyendo popanda ukonde.