Sipanala ya Frazer m'Phiko la Ndege

Ine ndege ndakwera, abale anga. Dubai, Guangzhou, Nairobi, ndimapita ngati kumsika, ine yemwe ndinalowa mu Joni nditakhalira matumba m'lole. Koma chondinyaditsa kwambiri n'chakuti ndimadyera mbale imodzi ndi Mmalawi amene akapanda kusaina, ndege siinyamuka. Dzina lake Frazer Kachale.

Mu Meyi 2008, pa chipwirikiti chothamangitsa obwera, anthu anamuotchera kashedi kake kokonzeramo majenereta ku Doornfontein, mu Joni momwemo. Anatsala ndi ovolosi yomwe anavala. Ankagona pabenchi mu holo ya tchalitchi ku Berea, anzake akukwera mabasi kubwerera kumudzi.

"Manja anga sanapse," ankatero Frazer. "Sindipita."

Joram, Mzimbabwe wa makolo a ku Dedza, anamupezera ganyu yosesa m'shedi yokonzera ndege zazing'ono kunja kwa mzinda, momwe iye ankagwira ntchito. Mkulu wa amakaniko anali a Ekdahl, injiniya wa ku Sweden amene anamerera imvi akujambula ndi kuyesa mapiko a ndege kwawo. Ataona kuti wosesayu amaimika tsache n'kumamvetsera kulira kwa injini, anayamba kumugwiritsa zitsulo.

Lamulo lawo linali louma. Sipanala iliyonse inali ndi msomali wake pakhoma. Ikasowa imodzi, ndege siituluka, poti chitsulo choiwalidwa m'kati chikhoza kupanikiza zingwe zowongolera ndegeyo ili m'mwamba.

Lachisanu lina ndege itatsekedwa kale, okwera akudikira panja, Frazer anaona msomali wopanda kanthu. Inali sipanala ya teni, yomwe iye yemwe anagwiritsa ntchito m'phiko.

"Eish, mfana, khala phee," ananong'ona Joram. "Ndili nayo ina m'chikwama, ingokolekapo. Ukayankhula, Lolemba uli pamaloboti kugulitsa machaja."

Frazer anaganiza za mkazi wake ndi khanda m'kachipinda ka lendi ku Yeoville. Kenako anayang'ana okwera aja. Mmodzi anali atanyamula mwana.

"A Ekdahl, ndegeyi isanyamuke. Sipanala yanga iyenera kuti ili m'phiko."

Mwini kampani anabwera akulilima. "Ndege yanga iime chifukwa cha wosesa? Achoke lero lomwe!"

A Ekdahl anangotenga zitsulo zawo. Anamasula phikolo, n'kuitulutsa sipanalayo itatsamira chingwe.

"Akachoka uyu, nanenso ndikubwerera kwathu kozizira," anatero. "Otaya sipanala ndawaona ambiri, inenso ndili m'gulumo. Wodzinenera yekha ndiye wosowa. Uyu ndimutumiza kusukulu."

Musaganize kuti zinangoyenda myaa. Frazer anali wa Folomu 2. Masamu anamugwetsa kawiri, anyamata ang'onoang'ono akumuseka kuti madala alowa kalasi yolakwika. Ankawerengera m'takisi, buku lili pabondo, wina atamuponda phazi. Atalephera kachiwiri anauza a Ekdahl kuti mutu wake ndi wouma.

"Phiko timaliyesa mpaka lithyoke, kenako timapanga lina lolimba," anatero mkuluyo. "Kalembetsenso."

Mu 2019 Frazer analandira laisensi ya umakaniko wa ndege. A Ekdahl, akupuma pantchito, anamusiyira makiyi a shedi, ndipo bwana yemwe ankati achoke uja tsopano amaima pakhomo kudikira siginecha yake.

Inu amene mukusesa lero, amene mayeso akugwetsani, amene mnzanu akukunong'onezani njira yachidule: nenani zoona ngakhale ntchito ili pachiswe, mawa mudzukenso. Osataya mtima, manja anu akadalipo.